Mutu 5: Fulashi Yofiira pa Chitenje cha Salma

1. Chenjezo la Bambo Feston

Tsiku limene filimu inatha kukonzedwa, Bambo Feston anachenjeza ana awo a zisudzo momveka bwino, koma panalibe amene anatchera khutu.

Linali Lachitatu masana, m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi ku Balaka. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Achinyamata a gululo anali atangoonera filimu yawo koyamba pa laputopu yobwereka, ndipo m'holomo munali chiphokoso. Ena ankasekana kayendedwe, ena ankajambulana ndi mafoni.

Filimuyo anaitcha "Wodikira pa Siteshoni". Nkhani yake analemba ndi Bambo Feston, mkulu wa imvi amene anayambitsa gululo. Wojambula anali Dorica. Mbali yaikulu, ya Abiti Jafali, mayi wogulitsa chinangwa chophika pa siteshoni ya sitima podikira mwamuna wake wopita ku Joni, anasewera ndi Salma.

Mbali imeneyi sinamuvute Salma. Iye anasiyira sukulu mu Fomu 3 atakhala ndi pathupi, ndipo bambo wa Twaha, mwana wakeyo, analidi ku Joni, kumene anasiya kale kuimba foni.

Bambo Feston anagogoda tebulo. Kenako anakweza m'mwamba fulashi yofiira, yaing'ono ngati chala cha mwana.

"Ana inu, takhalani chete pang'ono. Mwakaona kanthu aka? Muno muli thukuta lanu lonse. Muli nkhani imene ndinalemba ine, muli zimene wajambula Dorica, muli nkhope zanu ndi mawu anu. Eni ake a filimuyi ndi ife tili munofe, palibenso wina. Munthu sangaikope, sangaigulitse, sangaionetse pagulu ife tisanavomere. Malamulo a dziko lino amatero. Koma ndikuuzeni, malamulowo amafika wakuba atadya kale n'kusamba m'manja.

"Inenso ndinali ndi nyimbo zanga, kale nthawi ya makaseti. Kaseti yoyambirira ndinabwereka mnzanga kuti akamvere ndi mkazi wake. Sanali munthu woipa, iyayi. Iye anabwereka mlamu wake, mlamuyo anabwereka wina. Pamene ndinapita ku Limbe kuti ndikaitulutse, ndinaipeza ili kale pa benchi ya wogulitsa, pachikuto pali dzina la munthu wina ndi nkhope ya munthu wina. Ndinagula nyimbo zanga zomwe, wogulitsayo n'kumandiuza kuti mnyamata woimbayu ndi katswiri. Chiyambire tsiku limenelo gitala yanga ili pamwamba pa kabati.

"Lolemba ndikupita ku Blantyre. Ndikayamba ndalembetsa filimuyi ku ofesi yoona za umwini wa ntchito zaluso, kenako ndikaipereka ku mpikisano wa mafilimu a achinyamata. Opambana adzawatenga kukaphunzira ntchito ya mafilimu. Koma lamulo lawo lalikulu ndi ili: filimu isakhale yoti inaonetsedwapo pagulu. Ikangoonetsedwa kamodzi, ngakhale m'kachisakasa ka udzu, basi, yatuluka mu mpikisano. Ndiye fulashi iyi isalowe m'kompyuta ya munthu aliyense. Ndati aliyense. Kaya ndi mnzanu, kaya ndi m'bale wanu wa bere limodzi."

"Tamva, madala," anatero Walter, woseketsa wa gululo, maso ali pa foni. "Koma makaseti anapita kalekale. Gitalayo tsitsani, mbewa zikuimbiramo kwaya."

Onse anafa nalo phwete. Nayenso Salma anamva theka lokha la mawuwo, chifukwa Twaha anali akukoka ndolo yake.

Mawa lake Bambo Feston ankapita kuchipatala kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo akatuluka ankakagonera kwa mwana wawo ku Phalula mpaka Lamulungu. Laputopu inkabwerera kwa mwini wake itafufutidwa zonse. Funso linali lakuti, fulashi asunge ndani?

"Mupatseni Salma," anatero Dorica. "Ameneyu amabwerera panjira kukaona ngati watseka chitseko chimene watseka kale."

Anasekanso. Salma analandira fulashi ija ndi manja awiri. Anaimangirira pansonga ya chitenje chake, n'kuipisa m'chiuno. Ulendo wonse wopita kwawo anali cheucheu, dzanja lili pamfundopo.

2. Pempho la amayi

Kunyumba, Mayi Kulusumu anaona msanga kuti mwana wawo akungogwiragwira m'chiuno.

"Wamangapo chiyani pamenepo? Ukuchita ngati wameza singano."

"Ndi filimu ija, amayi. Yatha. Andipatsa ine kuti ndisunge."

Mayiwo anasiya kusankha mpunga. "Yatha? Ndiye tiione."

"Sizitheka, amayi. A Feston akaniza."

"A Feston akaniza," anabwereza mayiwo pang'onopang'ono. "Miyezi yonseyi wakhala ukundisiyira mwanayu, ati tikukajambula, ati tikukajambula. Ndamusambitsa ine, ndamuphikira phala ine. Azimayi anzanga kumzikiti akhala akundifunsa kuti mwana wanu amatani pa siteshoni ndi anyamata a kutchalitchi. Ine kungoti zyoli, chonena ndilibe. Lero chinthucho chalowa m'nyumba mwanga, ndiye ine ndisachione? Ndikachionere ku Blantyre? Ndi miyendo iti?"

Salma anangoyang'ana pansi.

Pakhomo panali patakhala Twaibu, mlongo wake wamkulu, akupukuta nsapato. Twaibu anali ndi kashopu pafupi ndi msika, koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Ndiwo ndi sopo za pabanjapo zinkachokera m'kashopu kameneko.

"Nkhani yake yomweyo?" anatero Twaibu. "Bwera nayo mawa kushopu. Ndiika pa memole ya foni ya amayi, aonere m'chipinda mwawo okha. Akatha ufufute. Pagulu ndi pati pamenepo?"

"Achimwene, anati isalowe m'kompyuta ya munthu aliyense."

"Amanena akuba. Ine ndine wakuba? Ndinkakubereka kumsana ine, ukundikodzera malaya a sukulu. Lero ndasanduka munthu aliyense?"

Salma anayang'ana amayi ake. Iwo anali atayambanso kusankha mpunga, osamuyang'ana n'komwe. Zimenezo zinamupweteka kuposa mawu aja.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Koma ndikaima pomwepo. Ndipo mukafufute ine ndikuona."

3. Foda ya Zatsopano

Lachinayi m'mawa Salma anabereka Twaha n'kupita kushopu. Kashopuko kanali ka malata, pakhomo pali masipika awiri aakulu amene ankagwedeza fumbi la pansi. Pa shelefu panali mzere wa mafoni a anthu ali pa chaji. Anyamata akabaza anali ataima pa windo, aliyense atagwira memole yake.

Salma anamasula mfundo ija. Twaibu anabaya fulashi pa kompyuta akuimba mluzu.

Tsono panali kagwiridwe ka ntchito kamene Twaibu anakazolowera, monganso anzake ambiri a ntchito imeneyi. Munthu akabwera ndi memole kapena fulashi, chilichonse chachilendo chimene chinali mmenemo ankayamba wachikokera mu foda yake, kenako n'kumuikira munthuyo zimene wabwerera. Katundu wa mushopu ankachuluka motero. Dzanja lake linkachita zimenezi lokha, mutu usanaganize.

Salma anaona filimu ija ikulowa mu foda yolembedwa kuti Zatsopano.

"Achimwene, mwaiika kuti? Si pa memole ya amayi pamenepo."

"Chilichonse chimadzera mmenemu kaye. Ikachoka umu ndiye ipita pa memole. Usandiphunzitse ntchito."

Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kanafika kumapeto. Twaibu anazula fulashi ndi memole n'kumupatsa.

"Tsopano fufutani."

"Ndifufuta."

"Fufutani ndikuona."

"Aise Twaibu, tachita changu, makasitomala akutithawa kusiteji!" anakuwa wakabaza wina pa windo.

"Wamva? Anthu akudikira. Ndikamatseka madzulo ndifufuta. Wallahi, ndikulumbira pali Mulungu."

Nthawi yomweyo wina anakweza nyimbo, ndipo Twaha anadzidzimuka n'kuyamba kulira mokuwa, akudzipinda kumsana. Anthu a pa windo anatembenuka kumuyang'ana Salma. Iye anamanga fulashi pa chitenje mofulumira n'kutuluka.

Masana amenewo Mayi Kulusumu anaonera filimu ija m'chipinda mwawo, chitseko chili chotseka, nsalu ya pa windo ili yotsitsa. Salma anakhala pafupi ndi chitseko, khutu lili kunja. Nkhuku ikangopalasa pakhonde, iye ankadzambatuka.

Itafika pamene Abiti Jafali akuthamangira sitima ndi beseni la chinangwa, kuyang'ana windo lililonse osamuona mwamuna wake, mayiwo anaika foni pamwendo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Iwe mwana," anatero. "Zonsezi unali nazo mumtima, ine osadziwa?"

Itatha, anagwira dzanja la Salma nthawi yaitali. "Azimayi aja andifunsenso. Tsopano ndili ndi chowayankha."

Salma anafufuta filimu ija pa memole ndi chala chake. Madzulo Twaibu atabwera anamufunsa ngati wafufuta. Iye anati, "Eee, eee," mkamwa muli mbatata. Salma anafuna kufunsanso, koma anaopa kuoneka wovuta.

4. Dzina limene sankayenera kulidziwa

Lachisanu chakumadzulo Salma ankachokera kumsika ndi kajumbo ka tomato. Akudutsa pa siteji ya kabaza anamva wina akukuwa.

"Abiti Jafali! Abiti Jafali!"

Dzina limenelo ankalidziwa a m'gulu la zisudzo okha, ndi amayi ake.

Wokuwayo anali a Yoram, bambo wakabaza amene ankamunyamula kawirikawiri popita kusikelo. Anabwera akukankha njinga, mano onse ali pamtunda.

"Kwerani, achemwali, lero ulere. Anthu a pa kanema sitiwalipiritsa. Nanga bambo aja anabwera, kapena mukudikirabe pa siteshoni?"

"Mwazitenga kuti zimenezi, a Yoram?"

"Ndakuonani ndi maso angawa! Pa depoti, masana ano. A Goliati aja, a mavidiyo sho, amadikira minibasi ya ku Liwonde, ndiye anatsegula laputopu kutionetsa pang'ono pokha. Inu mukuthamangira sitima, chinangwa chikugwa. Ine ndinati, awa ndimawanyamula ine awa! Anzanga kukana."

"A Goliati?"

"Eya. Koyambirira kwalembedwa zilembo zikuluzikulu, Goliati Pikichazi. Sindimadziwa kuti mumagwira ntchito kwa a Goliati. Akuti yonse aionetsa mawa ku Ngokwe, pa sho yawo, msika ukadzaza. Ife a kuno tidzaionera sabata ya mawa."

Salma anagwira m'chiuno. Mfundo inalipo, fulashi inalipo. Koma jumbo ya tomato inapulumuka, tomato n'kumwazika mumsewu.

"Achemwali, mwatani? Mwadwala?"

"Mundiperekeze kushopu kwa achimwene. Chonde, palasani msanga."

5. Mawu a Goliati

Twaibu atamuona mlongo wake akutsika njinga, anatsitsa yekha nyimbo. Salma sanapereke moni. Analowa mkati n'kuloza kompyuta.

"Tsegulani Zatsopano."

Twaibu anazengereza, kenako anatsegula. Filimu ija inali momwemo, pakati pa nyimbo za ukwati ndi mafilimu a nkhondo.

"Munati mwafufuta."

"Ndinaiwala. Dzulo magetsi anathima ndisanatseke, ndiye ndinati ndichita m'mawa. Taona, ndikufufuta pompano. Basi, yapita."

"Yapitadi. Ili pa minibasi, ikupita ku Ngokwe."

Twaibu anagwira kumutu.

Goliati anali mwini wa mavidiyo sho angapo m'misika ya ku Machinga. Lachisanu lililonse ankafika ku Balaka ndi kabokosi kakuda kosungiramo mafilimu. Twaibu akapita kumzikiti kukaswali Juma, ankamusiyira Goliati shopu. Goliati ankathira mu kompyuta mafilimu akunja amene anaikamo mawu ake a Chichewa, iye n'kutengamo zonse za mu Zatsopano. Sankafunsana. Unali msinthano wawo wa nthawi zonse.

"Muimbireni," anatero Salma. "Muike pokweza, ndimve."

Foni inaitana kwa nthawi. Kenako kunamveka mawu aakulu, kumbuyo kukulira injini.

"Aise Twaibu! Koma lero wandipatsa katundu! Bwanji umabisa zinthu zabwino chonchi?"

"Akulu, pachitika kulakwitsa. Filimu ya pa siteshoni ija si yogulitsa. Ndi ya mlongo wanga ndi anzake. Muifufute."

Goliati anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiifufute? Ndaimbira kale anyamata ku Ngokwe, alemba pa bolodi. Anthu akudziwa kuti mawa kuli filimu ya kwathu konkuno, ya Chichewa chenicheni. Ndikafika ndiikamo mawu anga oseketsa m'malo mmene muli zii. Ikhala moto."

Salma analanda foni. "Bambo, ndine Salma, amene ndili mufilimumo. Filimuyo ili ndi eni ake. Analemba ndi a Feston, anajambula ndi Dorica. Simunatipemphe. Ikaonetsedwa mawa, atichotsa mu mpikisano."

"Ooh, Abiti Jafali eni ake! Achemwali, mumatha. Koma tamverani. Ine ndaipeza mu Zatsopano, mmene ndimatenga katundu sabata iliyonse. Sindinathyole chitseko cha munthu. Inalibe chidindo, inalibe loko. Panopa ili ndi dzina langa, ndipo ndaivutikira. Mundithokoze, ndikukutchukitsani. Pofika mwezi wa mawa, kuyambira ku Ntaja mpaka ku Phalula, mwana aliyense adzakhala akukudziwani."

"Sitikufuna kutchuka kotero. Tikufuna filimu yathu."

"Mafilimu a azungu aja mumaonera kwa achimwene anuwo, munawapempha azunguwo? Lero zawawa chifukwa ndi yanu? Netiweki ikuvuta kuno, tikukwera phiri. Halo? Halo?"

Foni inaduka. Atayesanso anapeza yazimitsidwa.

Twaibu anakhala pa mpando ngati thumba la chimanga. "Salma, tamvera. Usawauze a Feston. Akamva apita kupolisi, apolisi adzanyamula kompyuta iyi. Tidzadya chiyani? Twaha adzadya chiyani? Ku Ngokwe ndi kutali. A mpikisano ali ku Blantyre, sadzamva."

"A Yoram amva kale, achimwene. Filimu isanafike n'komwe."

6. Foni ya ku Phalula

Swala ya Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, itatha, atatuwo anakhala pakhonde. Chakudya chinali pa mkeka, koma panalibe amene anasamba m'manja. Salma anali atawafotokozera amayi ake zonse. Twaha yekha ndiye ankasewera ndi supuni.

Foni ya Salma inalira. Pagalasi panaoneka dzina la Bambo Feston.

Twaibu anagwira mkono wa mlongo wake. "Ungowauza kuti fulashi ili bwino," ananong'ona. "Si bodza. Ili pa chitenje chakocho."

Salma anayankha foni.

"Mwanangu, ndi ine," anatero Bambo Feston. Mawu awo anali ofooka koma ansangala. "Diso alikonza, angoliphimba ndi bandeji. Akuti ndisayende padzuwa kapena pafumbi mpaka Lamulungu. Kanthu kathu kali bwino?"

Salma anayang'ana Twaibu. Anayang'ana amayi ake. Mayiwo sanaphethire.

"Bambo, fulashi ilipo. Koma filimu yatuluka."

Ku Phalulako kunkamveka magalimoto odutsa pamsewu waukulu. Salma anafotokoza zonse, kuyambira pempho la amayi mpaka kuseka kwa Goliati. Sanabise dzina la mlongo wake, ndipo sanabise kuti mfundo ija anamasula ndi iye mwini.

"Yaonetsedwa kale?" anafunsa Bambo Feston.

"Kachidutswa kokha, pa depoti. Yonse akuti mawa masana."

"Ndiye sinafe. Tamvera bwino, mwanangu, chifukwa zokalipa tidzakalipirana pambuyo. Kachidutswa ka pa depoti ndingathe kukafotokoza ku Blantyre. Koma filimu yonse, anthu atalipira pakhomo, dzina la munthu wina lili koyambirira, imeneyo sindingathe. Ndipo ikangoonetsedwa, madzulo ake idzakhala m'mamemole a anthu a mumsika monse. Simudzaigwiranso. Mudzakhala ngati ine pa benchi ija ya ku Limbe.

"Goliati akuti waivutikira. Munthu akalemba dzina lake pa chitseko cha nyumba yako, nyumbayo sikhala yake. Iye akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake wazimitsa foni. Pafoni munthu amalimba mtima. Chimene chingamuimitse ndi mwini filimu kuima pakhomo pa sho yakeyo, anthu akuona, n'kunena kuti sitinavomere. Ine sindingayende. Dorica anapita kumaliro ku Ntcheu. Walter angakasandutse nthabwala.

"Sindikukutuma, iyayi. Uli ndi mwana wamng'ono, ndipo Ngokwe si pafupi. Koma wina akapita, asakayambe kwa Goliati. Akayambe kwa apolisi a pamenepo ndi akuluakulu a msika, akawauze, apite nawo limodzi. Pepala la umwini tilibe, sitinalembetse. Umboni umene tili nawo ndi nkhope yako. Akatsegula filimuyo adzaona yekha aliyense.

"Ndipo umuuze Twaibu mawu awa. Ikapanda kuonetsedwa, nkhaniyi tidzaikamba pakhonde ngati anthu. Ikaonetsedwa, Lolemba ndikukadandaula, ndipo adzandifunsa kuti inatulukira pa kompyuta ya ndani. Sindidzanama."

Foni itaduka, Twaibu anadzuka mwaukali. "Waona? Wandigulitsa! Mlongo wako weniweni!"

"Khala pansi," anatero Mayi Kulusumu.

Twaibu anakhala.

"Iwe Lachisanu umaima mzere woyamba kumzikiti. Ukatuluka umakagulitsa mawu a anthu amene sunawapemphe. Ine ndakhala ndikuziona. Ndinkakhala chete chifukwa anthuwo sindiwadziwa nkhope, ndiponso chifukwa ndiwo za pamkeka apa zimachokera momwemo. Ndinkati kwawo ndi kutali, sakumva kuwawa. Dzulo nkhope ndinaiona. Ndi ya mwana wanga, akulira misozi yeniyeni pa siteshoni. Misozi imeneyo mawa Goliati akaikapo nthabwala zake, anthu aziseka akutafuna nzimbe. Amene wagulitsa mnzake ndani pamenepa? Nanenso ndili momwemo, ndine ndinaumiriza. Koma iwe unalumbira dzina la Mulungu kuti ufufuta."

Twaibu anayankhula motsitsa. "Amayi, Goliati simukumudziwa. Ku Ngokwe ndi kwawo, anyamata a pa sho paja ndi ake. Ndikakangana naye sadzandipatsanso katundu. Shopu idzafa."

Salma analowa m'nyumba. Anatulutsa kachikwama ka kusikelo n'kuyamba kulongedzamo matewera, kabotolo ka madzi, chipewa cha Twaha ndi chitenje china. Anatulutsanso zonse, kuziyang'ana, n'kuzibwezeramo.

Amayi ake anaima pakhomo la chipinda. "Ukudziwako ku Ngokwe?"

"Iyayi. Ndikafunsa. Akuti ukafika ku Liwonde umakwera ya ku Ntaja, kenako njinga yamoto."

"Mwanayu umusiye."

"Akuyamwa, amayi. Ndipita naye."

Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje chake. Anatenga fulashi yofiira ija n'kuimangirira pansonga ya chitenje cha amayi ake. Anakoka mfundoyo ndi mano kuti ilimbe.

"Iyi itsale ndi inu. Isalowe m'kompyuta ya munthu aliyense."

"Ndamva," anatero mayiwo. "Aliyense."

Salma anatuluka pakhonde. Twaibu anali akadali pomwe paja, chakudya chitazizira patsogolo pake.

"Achimwene, a Yoram adzanditenga pano adhana yoitanira anthu kupemphero la m'bandakucha isanamveke, kuti ndikapeze minibasi yoyamba. Goliati nkhope yake sindiidziwa, mukuidziwa ndinu. Mukafuna, tipitire limodzi. Mukapanda kufuna, ndipitabe."

Twaibu anangoyang'ana nsapato zake zimene zinali pakhomo.

Salma anaika chikwama pafupi ndi nsapatozo, n'kunyamula mwana wake kukamugoneka.